Chilombo pa Bwalo la Sukulu

Pa sukulu zambiri za m'chigawo chapakati, tsiku lolandira mlendo wochokera kuboma limayenda mwa dongosolo lodziwika kale. Madesiki amatulutsidwa n'kuikidwa pansi pa mtengo wa mango, aphunzitsi aakulu amavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo woyendetsa mwambo amakhala ndi pepala la ndondomeko m'manja. Likatha pemphero pamabwera ndakatulo, kenako kwaya, kenako magule. Atsikana amavina chimtali, anyamata mganda. Ndiye ng'oma ya mbalule imasintha kaliridwe, ana a Sitandade 1 amathawira kuzitenje za amayi awo, ndipo kuseri kwa kalasi kumatulukira chilombo.

Pa pepala lija, chilombocho chapatsidwa mphindi khumi.

Chimapalasa, fumbi limati kobo, mlendo wolemekezeka amadzuka kukachifupa, amafoni amajambula. Zimatha bwino. Vuto limadza m'mawa mwake, mu phunziro la Expressive Arts, mwana wina wosachedwa kulankhula akakweza mkono: "Aphunzitsi, m'kati muja munali ndani?"

Mphunzitsi wanzeru amayamba wakhosomola. Akatchula dzina la munthu, waphwanya mwambo, ndipo m'midzi yambiri umenewo ndi mlandu wokathera kwa amfumu, nkhuku kapena mbuzi ili m'manja. Akayankha kuti ndi mzimu wochokera kumanda, mtima umamutsutsa, poti mwina Lamulungu lapitalo ndiye amawerenga mawu kutchalitchi. Koma pansi pa funso la mwanayo pali lina lalikulu, lomwe lazunguza mitu ansembe, mafumu ndi aboma kwa zaka zoposa 100. Kodi chomwe chinavina pasukulu dzulo ndi chomwecho chimene chimavina pamaliro? Gule wopatulika akachoka pamalo pake n'kukavinidwa pamaso pa ana asukulu ndi alendo, amanyamuka ndi kupatulika kwake kapena amakusiya kumudzi?

Kwawo kwa Gule Wamkulu ndi kumzinda. Si mudzi uliwonse umene uli ndi ufulu wotulutsa gule. Pamafunika mfumu yomwe ndi mwini mzinda, dambwe lomwe nthawi zambiri limakhala m'nkhalango ya kumanda, ndi bwalo lovinirapo. Zifukwa zotulutsira gule n'zodziwikanso: maliro, mpalo wokumbukira womwalira, chinamwali, kulonga ufumu. N'chifukwa chake akuluakulu ena amamutcha pemphero lalikulu. Pabwalo lotero palibe munthu wongoonerera. Amuna ali pang'oma, amayi akuyimba ndi kuwomba m'manja, chilombo chikaponya nyimbo iwo amavomera, anamfedwa akudziwa kuti zonsezi zikuchitika poperekeza m'bale wawo kuti akafike bwino kwa makolo.

Taganizirani za Kasiyamaliro. Amalukidwa ndi timitengo, udzu ndi makoko a chimanga, m'maonekedwe a nyama yamtchire yanyanga, yamsana wokhota. Ntchito yake imatenga masiku. Akavina, mwambo ukatha, amatenthedwa. Oluka sadandaula, pakuti sanamulukire kuti akhalitse. Anamulukira maliro amenewo, a munthu ameneyo. Apa ndi pomwe nzeru ya kudambwe imasemphana ndi nzeru ya nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ina imati chinthu chopatulika chikagwira ntchito yake chichoke pamaso pa anthu. Inayo imati chinthu chamtengo wapatali chisungidwe, chipukutidwe fumbi, chiikidwe kapepala kofotokoza.

Kuona chilombo pasukulu kukanadabwitsa kwambiri anthu a m'zaka za m'ma 1920. Nthawi imeneyo sukulu ndi dambwe zinali pa mkangano woopsa, makamaka kuzungulira mishoni ya Mua ku Dedza, yomwe ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Matthew Schoffeleers ndi Ian Linden, omwe anafufuza mbiriyi, anaonetsa kuti phata la mkanganowo linali anyamata. Mishoni inkawafuna m'kalasi, eni mzinda ankawafuna kudambwe, ndipo mbali iliyonse inkadziwa kuti wotenga mwana watenga tsogolo la mudzi. Mipingo inkaletsa Akhristu ake kumeta, ansembe ankadandaula kwa atsamunda kuti athetse nyau.

Anyau anayankha ndi chida chomwe ankachidziwa bwino. Anasema Maliya, wankhope yofiira ndi mayendedwe aulemu. Anasema Simoni, wofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa. Ena anayamba kudzitcha Mpingo wa Aroni, potengera nkhani ya m'buku la Eksodo ya mkulu wa Mose yemwe anaumba mwana wang'ombe anthu n'kumavina. Pambuyo pake kunabwera zilombo za galimoto, za njinga yamoto, za ndege. Wonena kuti gule weniweni ndi amene sanakhudzidwe ndi zachilendo sanamuyang'anitsitse. Gule wakhala akumeza alendo kuyambira kale, ndipo kuseketsa anthu si chinthu chomwe anaphunzira kwa okopa alendo. Ngakhale pamaliro anthu amaseka mpaka kugwira nthiti.

Chomwe chinasinthadi zinthu ndi ulamuliro wa Kamuzu Banda. Iye, Mchewa wa ku Kasungu komanso mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, anatulutsa gule kumzinda n'kupita naye kubwalo lamasewera. Pa zikondwerero za ufulu pa 6 July ndi pamisonkhano ya chipani, zilombo zinkafika pamalole n'kuvina masana, pamaso pa Atumbuka, Ayao, Alhomwe, akazembe a mayiko ndi aliyense. Mawu amene anatsegula khomo ndi akuti "chikhalidwe". Mkhristu yemwe akanadulidwa mumpingo chifukwa chopezeka kubwalo la nyau ankatha kukhala pasitediyamu n'kuwomba m'manja, poti akuonera chikhalidwe, osati chipembedzo. Kenako kunadza Kwacha Cultural Troupe, gulu laboma lovina magule a zigawo zonse, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kukhala chimodzi mwa zolowa zamtengo wapatali za anthu onse. Mu 2008 analembedwa pa mndandanda waukulu wa bungwelo. Chaka cha 2006 malo 127 a zojambula pamiyala ku Chongoni, momwe muli zithunzi zoyera za zilombo za nyau, analandiranso ulemu wa UNESCO.

Mawu akuti "cholowa cha anthu onse" ndi okoma pomva. Koma chinthu chomwe mphamvu yake yagona pa chinsinsi chingakhale bwanji cha anthu onse?

Funsoli silinagwere Achewa okha. Pa mndandanda womwewo wa 2005 panalinso Sema, mwambo wa Amevlevi a ku Turkey, otsatira a mphunzitsi wawo Rumi, omwe amapemphera mozungulira ngati nguli atavala mikanjo yoyera. Boma la Turkey linatseka nyumba zawo zopemphereramo mu 1925. M'zaka za m'ma 1950 linawalolanso kuzungulira mumzinda wa Konya, mwezi wa December pokumbukira imfa ya Rumi, koma ngati chionetsero cha chikhalidwe. Kwa zaka zambiri mwambowo unkachitikira m'holo yamasewera. Pemphero linapulumuka povala malaya a chionetsero, ndipo mpaka lero mwa ozungulirawo muli opemphera ndi ongogwira ntchito, woonerera sangawasiyanitse.

Anthu a pachilumba cha Bali ku Indonesia anachita zina. Ataona kuti Pendet, gule wopereka nsembe m'kachisi, wayamba kuvinidwa m'mahotela polandira alendo, akatswiri ndi atsogoleri achipembedzo anakumana mu 1971 n'kugawa magule awo patatu. Wali ndi opatulika, a m'kati mwenimweni mwa kachisi. Bebali ndi operekeza mwambo. Balih-balihan ndi osangalatsa anthu, ndipo angavinidwe paliponse. Anapekanso gule watsopano wolandirira alendo, Panyembrama, kuti wa milungu atsale kwa milungu. Malirewo sanasungike bwinobwino nthawi zonse, koma chachikulu n'chakuti anawalemba ndi eni ake.

Kuno kwathu, Vimbuza ndiye amaonetsa vutoli poyera. Nayenso analengezedwa ndi UNESCO mu 2005. Kwa Atumbuka, Vimbuza ndi dzina la matenda, la mizimu yoyambitsa matendawo, komanso la gule wochiza. Wovina ndi wodwala kapena ng'anga, ndipo ng'oma zimatsata mzimu womwe wamugwira. Ana asukulu akamanga mangenjeza m'miyendo n'kuvina Vimbuza pa mpikisano, palibe wodwala, palibe wochira. Mapazi ndi omwewo, ng'oma ndi zomwezo, koma chifukwa chovinira chatsala kwa ng'anga. Lisa Gilman, yemwe anafunsa anthu akumpoto za ulemu wa UNESCO umenewu, anapeza maganizo ogawanika: ena ankaona chuma cha makolo, ena mankhwala enieni, ena ntchito ya ziwanda yosayenera kulimbikitsidwa.

Yerekezani ndi mganda, malipenga kapena beni. Magule amenewa anabadwa potsanzira perete wa asilikali, makamaka itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pomwe amuna ambiri a ku Nyasaland anapita ngati asilikali a King's African Rifles kapena amtengatenga. Mphunzitsi angawaphunzitse onse athunthu, kuyambira mbiri, mavalidwe, maudindo mpaka masitepe, popanda kupsetsa mtima aliyense. Ingoma nayo inasiyana kalekale ndi nkhondo zomwe inkaperekeza, ndipo nyimbo zina za Angoni zinasanduka nyimbo za mumpingo wa Livingstonia. Amenewa ndi magule omwe mbiri yawo ingafotokozedwe yonse pabolodi. Gule Wamkulu ndi wosiyana chifukwa eni ake akuikabe naye maliro sabata ino. Kumuika m'gulu la "magule amakedzana" n'kulengeza imfa ya munthu amene ali pakhonde akumva.

Pa funso lija la kupatulika kwa gule pali mayankho awiri omwe amamveka kawirikawiri. Loyamba limati kupatulika kuli m'chinthucho: m'chigoba, m'nthenga, m'ng'oma. Chodabwitsa n'chakuti yankho limeneli limagwirizanitsa anthu awiri omwe sadyera mbale imodzi. Mkulu wa kudambwe amakwiya poona chigoba chili pakhoma la hotela chifukwa chanyozeka. Mbusa wa mpingo wa chipentekoste amaletsa mwana wake kuonera gule pasukulu chifukwa akuopa mizimu. Onse awiri akuvomereza kuti m'menemo muli mphamvu, angosiyana pa dzina loitchula.

Yankho lachiwiri ndi la munthu wa pepala la ndondomeko uja. Iye amati ndi luso chabe, zosangalatsa, mofanana ndi sewero kapena kwaya. Limamveka laulemu ndi lamakono, koma mwa awiriwa ndi limene limapeputsa gule kwambiri. Mbusa uja amamuopa, pomwe uyu amamuika pakati pa ndakatulo ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi.

Mwambo wa Achewa weniweniwo ukuoneka kuti uli ndi yankho lachitatu, ndipo ndi lakale kuposa msonkhano wa ku Bali. Kupatulika kwa gule kwagona pa ubale: wamuitana ndani, wavomereza ndani, akuvinira yani. Gule satuluka popanda chilolezo cha mwini mzinda. Zilombo zili ndi maudindo osiyana. Kapoli kapena Makanja woyenda pamitengo italiitali angaoneke pa zochitika zambiri, koma Njovu ndi ya maliro a mfumu kapena munthu wamkulu kwambiri, ndipo sionekera wamba. Pali za masana, pali za usiku. Pali nyimbo za pabwalo, pali mawu a kudambwe okha. Mpanda wolekanitsa zoonetsa aliyense ndi zosaonetsa unalipo kale. N'chifukwa chake ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa August, zilombo za m'mayiko atatu zimavina pamaso pa chinamtindi cha anthu ndi makamera popanda wodandaula. Zikuvinira Kalonga Gawa Undi, ndipo zabwera ndi mafumu awo. Chomwe mafumu a Chichewa amadandaula nacho kawirikawiri ndi gule wotuluka yekha, woyendayenda m'misika ndi m'misewu kupempha ndalama, kapena wogulidwa ndi andale. Kuchuluka kwa maso si kumene kumawapweteka. Chimawapweteka n'chakuti palibe amene anapempha.

Ku Mua komwe kuja kuli chitsanzo cha momwe mlendo angalowere pakhomo m'malo modumpha mpanda. Bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada wa chipani chomwecho chimene chinkalimbana ndi nyau, anatsegula Kungoni Centre of Culture and Art mu 1976. Anakhala zaka makumi angapo akupita kumaliro ndi kuzinamwali, akumvetsera nyimbo ndi kufunsa akuluakulu, mpaka anapatsidwa mfunda wa Chisale. M'nyumba ya Chamare Museum muli zigoba zoposa 400, ndipo buku lake la 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, limafotokoza zilombo, nyimbo zawo ndi mwambo womwe chilichonse chimaphunzitsa. Ana asukulu amafika pamabasi kudzaona. Wotsutsa anganene kuti chigoba chopachikidwa ndi mtembo wa gule, ndipo pali choonadi pamenepo. Koma mwana wa ku Ndirande kapena ku Chibavi amene amangodziwa gule ngati chinthu chothamangitsa anthu ndi chikwanje amatuluka m'nyumbamo atamva koyamba kuti Mbiyazodooka, mayi wosenza mbiya yosweka, ali ndi chomwe akunena za imfa, ndiponso kuti Chadzunda wotsimphina uja ndi kholo la zilombo.

Pamenepa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni ya sukulu, ndipo ndi pomwe mphindi khumi zija zimalephera. Chilombo chilichonse ndi phunziro loyenda ndi miyendo. China chimadzudzula ulesi, china chiwerewere, china kuledzera, china mkamwini wosalemekeza apongozi, china mtsogoleri wodya yekha. Nthawi zambiri chimaphunzitsa pochita choipacho mopitiriza muyeso kuti anthu aseke, aone kunyansa kwake. Kumudzi tanthauzo limafika chifukwa amayi akuyimba mawu ake ndipo aliyense akudziwa yemwe akunenedwa. Pasiteji, mawu amamira m'phokoso la zimkuzamawu, otsala ndi mapazi ndi fumbi. Oonerera amawomba m'manja pamapeto, chinthu chomwe pabwalo chimachitika kuyambira pachiyambi. Gulu lovina lomwe limalola munthu mmodzi kuima kaye n'kunena dzina la chilombo, nthawi yomwe chimatuluka ndi chomwe chikudzudzula, limapatsa ana zambiri kuposa lomwe limangothamangira kudumpha.

Nanga funso la mwana uja? Kodi kunena kuti chilombo si munthu ndi bodza lomwe sukulu siyenera kulibwereza?

Mayi wa kumudzi amatha kuzindikira chipsera cha pamwendo wa mwana wake yemwe anamubereka. Amachiona, sanena kanthu, ndipo chilombo chikamuyandikira amapatuka mwaulemu. Sanapusitsidwe. Akusunga pangano lakuti kwa nthawi imeneyi, amene waima pabwalo akulankhula m'malo mwa makolo, ndipo angadzudzule ngakhale mfumu popanda kuimbidwa mlandu mawa. Zotere sizachilendo ngakhale kutauni. Woweruza wa ku High Court akavala mkanjo ndi wigi, onse amaimirira, ndipo chigamulo chikaperekedwa anthu amati khoti lagamula. Aliyense akudziwa kuti ndi bambo kapena mayi wakutiwakuti yemwe amagula tomato pamsika womwewo, koma wonena zimenezo m'khoti akhoza kugona m'chitokosi. Chovalacho chimachotsa munthu kuti udindo ulankhule. Kusiyana kulipo, poti wa kudambwe amakhulupirira zoposa pamenepa, ndipo sukulu ilibe mphamvu yogamula ngati mizimu imabweradi. Koma ingathe kuphunzitsa mwana kuti kudziwa chinthu n'kusachitchula si umbuli nthawi zonse.

Choncho mphunzitsi ali ndi yankho loona lomwe silimutengera kwa amfumu kapena kwa abusa. Angathe kunena kuti: "Uja ndi Kapoli. Eni ake amati ndi mzimu, ndipo za m'kati mwake zimakambidwa kudambwe, osati m'kalasi. Koma tamvera zomwe amayimba." Mwana waphunzira dzina, waphunzira tanthauzo, waphunziranso kuti pali zitseko zina zomwe kiyi wake sasungidwa mu ofesi ya aphunzitsi aakulu. Ulemu womwewo uyenera kupita mbali inayo. Mwana wa Msilamu kapena wa mpingo woletsa gule asakakamizidwe kuvina kapena kuonera kuti apeze malikisi, ndipo gule asatseke njira ya kusukulu. Madandaulo a zilombo zothamangitsa ophunzira ndi a anyamata ojomba chifukwa cha kudambwe ndi enieni, ndipo mafumu ambiri aika malamulo oti chinamwali chizichitika pa holide. M'midzi ina ya m'chigawo chapakati mafumu anafika potuma zilombo m'mamawa kukatulutsa ana ojomba m'nyumba n'kuwaperekeza kusukulu. Ansembe a ku Mua a 1920 akanamva zimenezi sakanakhulupirira.

Pasukulu paja, mphindi khumi zikatha, mbalule imaleka. Chilombo sichigwada kuthokoza oonerera ngati wasewero, ndipo sichikhala pabenchi kudikira fanta. Chimatembenuka n'kuthamangira kuseri kwa kalasi ya Sitandade 8, amuna awiri atatu akuchitsatira, n'kulowera kumitengo ya kutsidya kwa bwalo la mpira. Anyamata ochenjera amene amathamangira galimoto iliyonse yofika pasukulupo amafika pa ngodya ya kalasiyo n'kuima okha, popanda wowakalipira. Woyendetsa mwambo amayang'ana pepala lake, amagogoda maikolofoni kawiri, n'kuitana wapampando wa komiti ya sukulu kuti alankhule za zimbudzi zatsopano.